NYUMBA YA PAPEPALA SIDONTHA

Aliyense amene adalawirirapo kuchokera ku Mitundu kupita ku Lilongwe amaudziwa mdipiti wa njinga umene umadzaza msewu wa Bunda kusanache bwino. Ena amakhala atanyamula matumba a makala, ena mitolo ya nkhuni yotalika kuposa mwini njinga, enanso madengu a tomato ndi kabichi. Malole a njerwa ndi mchenga amawapitirira akuliza hutala. Ku msewu wa M1 nako, kuchokera ku Nathenje, zimakhala chimodzimodzi. Misewu iwiriyi imakumana pa mphambano ya Bunda, ndipo munthu ataima pamenepo ola limodzi lokha angathe kuona ndi maso ake kuti mzinda wa Lilongwe umadya, kuphika ndi kumanga ndi zinthu zochokera kwathu.

Pamwamba pa zonsezi, mzindawu timaupatsanso ana athu. Mnyamata akasowa malo olima, kapena mtsikana akamaliza Fomu 4 ntchito osaiona, amakwera minibasi kukayesa mwayi ku tauni. Kumeneko amakafikira m'kachipinda ka lendi ku Area 36, ku Kaphiri, ku Ngwenya, kwa Chinsapo, ku Mtandire kapena ku Mgona. Amene tidapitako kukaona abale tikudziwa mmene kulili: mdadada wa zipinda zoyang'anana, chimbudzi chimodzi cha mabanja angapo, bafa la masaka, ndi kanjira kopapatiza kamene nthawi ya dzinja kamasanduka mtsinje.

Choncho nkhani ya nyumba za anthu osauka a m'tauni ndi nkhani ya pakhomo pathu. Lero tikufuna tikambirane za mipikisano imene imachitika m'maiko osiyanasiyana, yopempha achinyamata ophunzira ntchito yojambula mapulani a nyumba kuti aganizire malo okhala anthu otere. Makolo ena amadabwa mwana wawo wa ku koleji akapempha ndalama zolowera mpikisano wojambula nyumba imene mwina sidzamangidwa n'komwe. Kodi kumeneku si kutaya ndalama? Ife tikuona kuti phindu lilipo, koma pali zinthu zimene mwana ndi kholo lomwe ayenera kuzimvetsa asanatulutse ndalamazo.

MZINDA UDAKULA KUPOSA MAPULANI AKE

Kalembera wa 1966 adapeza anthu 19,425 okha m'tauni ya Lilongwe. Likulu la dziko litasamukirako kuchokera ku Zomba mu 1975, chiwerengero chidayamba kuthamanga: anthu 98,718 mu 1977, anthu 440,471 mu 1998, ndipo pa kalembera wa 2018 adakwana 989,318. Amene adakonza pulani ya likululi adapatula malo otchedwa Traditional Housing Areas, kumene munthu wopeza pang'ono ankapatsidwa puloti kuti amangepo yekha. Koma anthu adachuluka msanga kuposa mapulotiwo, ndipo otsala adayamba kugula malo kwa mafumu m'mphepete mwa mzinda, m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la 2011 lidati anthu pafupifupi 76 pa 100 alionse a mumzinda wa Lilongwe ankakhala m'madera omangidwa popanda pulani.

Zotsatira zake tidaziona. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira ku Mtandire mpaka asilikali adachita kupulumutsa anthu ndi helikopita. Mu Disembala chaka chomwecho madzi adagwetsa nyumba ku Kawale, ku Biwi ndi madera oyandikana nawo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre idali m'gulu la malo okhudzidwa kwambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre. Pa zonsezi timakonda kudandaula za mvula, koma mbali ina ya vutoli ndi malo amene nyumba idamangidwapo, kamangidwe kake, ndi kumene madzi amalowera akatsika padenga. Imeneyi ndiyo ntchito ya ojambula mapulani.

Tsoka lake n'lakuti akatswiriwa ndi ochepa, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa mabanki, maofesi ndi nyumba za anthu opeza bwino, poti ndiwo angathe kulipira. Mayi wogulitsa mandasi ku Mgona sadalowepo mu ofesi ya wojambula mapulani. Pulani ya nyumba yake amaijambula pansi ndi chala, iye ndi mmisiri wake.

MPIKISANO WAKE NDI WOTANI?

Mipikisano imene tikunenayi idabwera pofuna kukokera maganizo a akatswiri achinyamata kwa anthu amene sangathe kuwalipira. Kayendetsedwe kake kamafanana. Bungwe limatulutsa chikalata chofotokoza vuto, malo ake, anthu ake ndi zimene zikufunika. Wofuna kulowa amalembetsa pa intaneti, payekha kapena pagulu, ndipo amapatsidwa nambala. Pa mapepala a mapulani amalembapo nambalayo m'malo mwa dzina, kuti oweruza asadziwe ngati wajambulayo ndi wa ku London kapena wa kwa Chiseka. Pakatha miyezi ingapo, mapulani amatumizidwa pa intaneti pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza ganizo lake. Opambana amalandira ndalama, ena mwayi wokaphunzira ntchito mu ofesi ya katswiri wotchuka, ndipo nthawi zina pulani yopambanayo imamangidwadi.

Mu 2015 bungwe la Shelter Global lidayambitsa mpikisano wa Dencity, wofuna maganizo okonzera madera a anthu osauka a m'mizinda. Mpikisano wa Kaira Looro, umene udayamba mu 2017, umapempha ophunzira ndi akatswiri achinyamata kujambula zinthu monga sukulu, nyumba ya amayi kapena chipatala cha amayi oyembekezera, poganizira midzi ya kumwera kwa dziko la Senegal, ndipo katswiri wa ku Japan, Kengo Kuma, wakhala mmodzi wa oweruza ake. Mphotho za Holcim, zimene kulowa kwake kudali kwaulere, kwa zaka zingapo zidali ndi gawo lapadera la achinyamata osapitirira zaka 30.

Dziko lathu lidakhalaponso mutu wa mpikisano wotere. Mu 2019 bungwe la Archstorming la ku Spain lidapempha mapulani a sukulu ya sekondale ya ku Benga m'boma la Nkhotakota, mogwirizana ndi amishoni a Katolika a kumeneko. Achinyamata a m'maiko akutali adakhala pansi kujambula makalasi a ana a ku Malawi, potsamira zithunzi, mapu ndi chikalata cha mpikisano. Tiyenera kuwathokoza chifukwa cha mtima wawo. Komabe nkhaniyi iyenera kutipatsa funso: ngati mwana wa ku Ulaya angathe kujambula sukulu ya ku Benga kuchokera pa zithunzi, nanga mwana amene adaphunzira m'kalasi lotero, amene akudziwa kutentha kwa malata mu Okutobala ndi phokoso lake mvula ikamagwa, chingamuletse n'chiyani?

CHIKOMEKOME CHA NKUYU

Tisanalimbikitse ana athu, tiyambe tawachenjeza. Nyumba ya papepala sidontha, sigwa ndipo sidyedwa ndi chiswe. Oweruza amaona chithunzi chokongola, koma amene adzagone m'nyumbayo sakhala nawo pa tebulo loweruzira.

Ku Lagos m'dziko la Nigeria kuli dera la Makoko, kumene asodzi amakhala m'nyumba zomangidwa pa mitengo pamwamba pa madzi. Mu 2013 katswiri wachinyamata wa dzikolo, Kunlé Adeyemi, adamangako sukulu yoyandama, yamatabwa, yosanjikizana katatu, yokhala pa migolo ya pulasitiki. Zithunzi zake zidafalikira dziko lonse. Mu Meyi 2016 adalandira mphotho ku chionetsero chachikulu cha ku Venice chifukwa cha sukulu ina yofanana nayo imene adakaionetsa kumeneko. Pa 7 Juni chaka chomwecho, patangopita masiku owerengeka, sukulu ya ku Makoko idagwa ndi mvula yamkuntho. Mwamwayi mudalibe ana, chifukwa adali atawachotsamo kale poona kuti yayamba kufooka. Ganizo lidali labwino, koma nkhani ya amene adzaisamalire ndi kuikonza chaka ndi chaka idali isadakhazikike.

Kale kwambiri izi zisanachitike, katswiri wa ku Egypt, Hassan Fathy, adapatsidwa ntchito yomanga mudzi watsopano wa New Gourna pafupi ndi Luxor m'zaka za m'ma 1940. Adamanga ndi zidina, madenga ake adothi ozungulira, nyumba zozizira bwino m'dziko lotentha. Buku lake lofotokoza ntchitoyi, Architecture for the Poor, limawerengedwa mpaka lero m'makoleji, ndipo mu 1980 adalemekezedwa ndi mphotho yapadera ya Aga Khan. Koma anthu ambiri amene boma lidafuna kuwasamutsira kumeneko adakana kuchoka pamudzi wawo wakale, poti ndi pamene ankapezera zofunika pa moyo wawo, ndipo ntchitoyo idaima isadathe. Ganizo losamuka silidachokere kwa iwo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu sukhululukira ngakhale munthu wanzeru ndi wamtima wabwino ngati Fathy.

AMENE ADAYAMBA NDI KUMVETSERA

Pali ena amene adayenda njira ina. Diébédo Francis Kéré adabadwa mu 1965 m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, mudzi umene udalibe sukulu. Adachoka kwawo ali ndi zaka 7 kukaphunzira, adayamba ndi ukalipentala, kenaka adapeza mwayi wopita ku Germany. Akadali pa sukulu ku Berlin adasonkhetsa ndalama kwa anzake n'kubwerera kukamanga sukulu ya pulayimale kwawo, imene idatha mu 2001. Anthu a m'mudzimo ndiwo adatuta miyala ndi madzi, ndipo njerwa zidali za dothi lakomweko losakaniza ndi simenti pang'ono. Denga la malata adalikweza pamwamba, kulisiyanitsa ndi siling'i ya njerwa, kuti mphepo izidutsa pakati ndi kuchotsa kutentha. Adachita izi chifukwa iye mwini adakhalapo m'kalasi lotentha ngati uvuni. Sukuluyi idalandira mphotho ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Pritzker, imene ndi yaikulu koposa pa ntchito imeneyi.

Ku Chile, gulu la Alejandro Aravena lidapatsidwa ndalama zochepa, madola 7,500 pa banja lililonse, kuti ligule malo ndi kumangira mabanja 93 ku Quinta Monroy mumzinda wa Iquique. Ndalamazo sizikadakwanira nyumba yathunthu. Atakambirana ndi eni ake, adagwirizana zomanga mbali yovuta yokha: maziko, makoma olimba, khitchini, bafa ndi masitepe, n'kusiya mpata woti banja lililonse lizionjezera zipinda likapeza ndalama. Ntchitoyi idatha mu 2004. Kwa ife izi si zachilendo, chifukwa ndi mmene timamangira kwathu kuno: chaka chino njerwa, chaka chamawa malata, mawindo pambuyo pa fodya kapena soya.

Kuno kwathu chitsanzo chili ku Area 49. Mu 2003 amayi a ku Mtandire adayamba timagulu tosunga ndalama tsiku ndi tsiku, timene tidakula n'kukhala Malawi Homeless People's Federation, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE. Adakhazikitsa thumba la ngongole za nyumba lotchedwa Mchenga, dzina loyenera, pakuti kamchenga kamodzi sikamanga kanthu koma wambiri umaimika khoma. Pofika 2007 adali atapatsidwa mapuloti 222 ku Area 49 mu Lilongwe, 465 kwa Angelo Goveya mu Blantyre ndi 83 ku Mzuzu. Mamembala okha ndiwo adakambirana kukula ndi maonekedwe a nyumba, adaumba zidina, ndipo adakambirana ndi akuluakulu a mizinda mpaka adavomera mapuloti ang'onoang'ono kuposa a nthawi zonse kuti mabanja ambiri apeze malo. Akatswiri adabwera kudzathandiza ganizo limene eni ake adali nalo kale. Patapita zaka, ophunzira a ku Polytechnic adakagwira ntchito ndi anthu a ku Nancholi mu Blantyre, ndipo a ku Mzuzu University ndi anthu a ku Salisbury Line, kuyenda nawo khomo ndi khomo, kuwerenga nyumba ndi kujambula mapu a madera awo.

Tisaiwalenso za ku chipatala cha boma cha Kasungu, kumene mu 2015 bungwe la MASS Design Group, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lidamaliza malo odikirira amayi oyembekezera. M'malo mwa chiholo chimodzi chodzaza mabedi, adamanga tinyumba tozungulira mabwalo ang'onoang'ono ngati mudzi, tokhala ndi makonde aakulu. Adazindikira kuti mayi wodikira samangogona pabedi tsiku lonse. Amaphika, amachapa, amacheza ndi anzake, ndipo amabwera ndi womudikirira.

ZIMENE MWANA WA KWATHU AKUDZIWA KALE

Apa ndi pamene mwana wa ku Mitundu kapena ku Nathenje ali ndi mwayi umene kawirikawiri sauzindikira. Akafika ku koleji amayamba kuchita manyazi ndi kumene adachokera, n'kumasirira nyumba za magalasi za m'mabuku. Komatu mayankho ambiri amene oweruza a mipikisanoyi amawafuna, iye adakula nawo.

Akudziwa mbali imene mvula imamenyera khoma, ndiponso kuti khoma la zidina limakhala zaka zambiri ngati maziko ake ndi okwera ndipo denga lidatuluka bwino kunja. Akudziwa kuti mbaula siyatsidwa m'chipinda chotseka, ndi kuti khonde ndi khitchini, ndi pochezera, ndiponso ndi sitolo imene mayi amayalapo tomato ndi makala a m'timapepala. Wojambula pulani akachotsa khonde pofuna kuchepetsa mtengo, wachotsa geni imene imalipira lendi.

Akudziwa chifukwa chake kumudzi mnyamata akakula amamumangira gowelo, ndipo amamvetsa manyazi a banja limene likugona chipinda chimodzi ndi ana akuluakulu, chotchinga chili chitenje chokha. Akudziwa kuti nyumba ya m'tauni simakhala ya eni ake okha: m'bale akadwala kumudzi n'kutumizidwa ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila, omudikirira amafikira pomwepo. Akudziwa kuti pakagwa zovuta anthu amafuna bwalo lokhalapo ndi njira yoti maliro adutse, ndipo njira yomweyo ndi imene ambulansi ndi galimoto yopopa zimbudzi zingadzere. Akudziwa mantha a mtsikana wopita kuchimbudzi chakutali usiku, ndi zimene zimachitika chimbudzi chikakumbidwa pafupi ndi chitsime m'dambo.

Akudziwanso za njerwa. Adaona mauvuni akufuka utsi m'mbali mwa misewu, maenje otsala podzaza madzi ndi udzudzu, ndi mitengo ya ku Dzalanyama ikutha, chonsecho nkhalangoyi ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda umamwa. Mu 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, ndipo njerwa za simenti ndi za dothi lopanikizidwa ndi makina zidayamba kufala. Mu 2021 kampani ya 14Trees idafika pomanga sukulu ku Salima ndi makina oumba khoma motsogozedwa ndi kompyuta. Koma mwana wa kwathu amadziwa kufunsa funso limene mlendo angaliiwale: nanga bambo amene ankadyetsa banja ndi chikombole, tsopano azidya chiyani? Pulani yabwino imamupezera malo bamboyo pa ntchito yatsopanoyo.

Chomaliza, chimene mabuku sakonda kunena, n'chakuti anthu ambiri a m'malokeshoni ndi alendi. Nyumba ikakonzedwa bwino, landilodi amakweza lendi, ndipo banja limene timafuna kulithandiza limasamukira kudambo. Wolowa mpikisano amene angaonetse kuti waliganizira vuto limeneli, ndi kunena za mwini malo, za mfumu ndi za khonsolo, waposa kale anzake ambiri ojambula zokongola.

MALANGIZO KWA OFUNA KULOWA

Choyamba, werengani malamulo onse mofatsa. Onani zaka zovomerezeka, kukula kwa mapepala, chiwerengero cha mawu, ndi amene adzakhale mwini pulani mpikisano ukatha. Fufuzani bungwe lokonza mpikisanowo: kodi amene adapambana m'mbuyomu alipo, ndipo mwa mapulani awo, alipo amene adamangidwa? Pa intaneti pali anthu amene ntchito yawo ndi kutolera ndalama zolembetsera basi.

Chachiwiri, werengerani mtengo. Mipikisano yambiri imalipiritsa ndi ndalama zakunja, ndipo mtengo umakwera mukachedwa kulembetsa. Kwacha itatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene kwa mwana wa ku Ulaya ndi ya chakudya cha masiku ochepa, kwa ife ndi ya matumba a chimanga. Yambani ndi mipikisano yaulere, kapena gawanani mtengo pagulu. Mutu umodzi susenza denga: pagulu pakhale wodziwa kujambula, wodziwa kuwerengera kulimba kwa nyumba, ndi wodziwa kulemba Chingerezi chomveka. Pezaninso mmisiri wachikulire woti muzimuonetsa zimene mwajambula. Akapukusa mutu, mufunseni chifukwa chake.

Chachitatu, ngati mpikisano ukulola kusankha malo, sankhani amene mungathe kufikako ndi minibasi kapena kabaza. Yambani mwaonekera kwa amfumu ndi kufotokoza zimene mwadzera. Nenani poyera kuti ndinu ophunzira, ndipo musalonjeze kuti mudzamanga kanthu, chifukwa anthu a m'maderawa adatopa ndi alendo obwera ndi mafunso n'kusowa. Musajambule munthu kapena m'nyumba mwake osapempha. Pitani m'mawa pamene amayi ali pa mzere wa madzi, pitaninso madzulo, ndipo ngati n'kotheka pitani tsiku la mvula kuti mukaone kumene madzi amathamangira. Tengani tepi yoyezera, ndipo funsani ambiri: amayi, agogo, ana a sukulu, olumala, alendi ndi malandilodi.

Chachinayi, ikani mtengo wa zonse m'makwacha, kuyambira thumba la simenti mpaka msomali, pogwiritsa ntchito mitengo ya kumsika wakomweko. Onetsani chimene chingamangidwe chaka choyamba ndi chimene chingadikire. Nenani amene adzasese ngalande, amene adzakonze mpopi ukathyoka, ndi kumene ndalama yake idzachokere. Kumbukirani sukulu ya ku Makoko.

Chachisanu, tumizani kudakali masiku. Magetsi amazima, intaneti imavuta, ndipo ola lotsekera limawerengedwa pa nthawi ya dziko la eni mpikisano.

Chotsiriza, ndipo kwa ife ndicho chachikulu: mupambane kapena mulephere, bwererani kwa anthu aja ndi mapepala anu. Akhazikeni pansi, afotokozereni m'Chichewa, ndipo asiyireni kope. Mapu a dera lawo oonetsa nyumba, zitsime, zimbudzi ndi njira za madzi ndi chida chimene angapite nacho kwa khansala kapena ku khonsolo. Akakuuzani kuti apa mwalakwitsa, lembani, chifukwa amenewo ndiwo oweruza amene adzakhale ndi zotsatira za ntchito yanu.

MAWU KWA MAKOLO

Makolo anzathu, mwana amene amakonda kujambula nyumba kumapeto kwa kope, kapena kuumba tinyumba tadothi tokhala ndi zitseko zotseguka, tisamukalipire kuti akuwononga nthawi. Timulimbikitse pa masamu, sayansi ndi Chingerezi. Maphunziro a ntchitoyi amapezeka ku Malawi University of Business and Applied Sciences mu Blantyre, imene mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic. Ndi maphunziro a zaka zingapo, ofuna kompyuta yamphamvu, mapepala ndi kupirira.

Atsikana nawo asatsalire. Mariam Issoufou Kamara wa ku Niger, pamodzi ndi mnzake Yasaman Esmaili, adasandutsa mzikiti wakale wa m'mudzi wa Dandaji kukhala laibulale n'kumanga watsopano pambali pake ndi njerwa za dothi, pogwira ntchito ndi amisiri akomweko, ndipo adalandira mphotho za Holcim mu 2017 ndi 2018. Yasmeen Lari, mayi woyamba kukhala katswiri wa ntchitoyi ku Pakistan, adasiya kujambula maofesi akuluakulu n'kuyamba kuphunzitsa anthu ovutika ndi zivomezi ndi madzi osefukira kumanga nyumba za nsungwi, dothi ndi laimu. Mu 2023 adalandira mendulo yagolide ya bungwe la akatswiriwa la ku Britain.

Mwana akalowa mpikisano, tisayembekezere mphotho ngati ndalama ya fodya. Olowa amakhala ambirimbiri, opambana ndi owerengeka. Phindu limene ali nalo ndithu ndi ntchito yooneka imene angaonetse pofunsira ntchito kapena maphunziro apamwamba, luso logwira ntchito pagulu, ndi kuphunzira kumvetsera anthu wamba. Akalephera kawiri kapena katatu, tisamuseke.

MAWA LA MITUNDU NDI NATHENJE

Takamba zambiri za malokeshoni a mu Lilongwe, koma tiyang'anenso pakhomo. Mitundu ndi Nathenje zikukula. Minda ya m'mbali mwa msewu ikudulidwa mapuloti, midadada ya lendi ikumangidwa, ina ya ophunzira a ku Bunda, ndipo mzinda ukusendera kuno chaka ndi chaka. Aliyense akumanga mpaka m'malire a puloti yake, osasiya njira, ngalande kapena bwalo la ana. Mtandire ndi Chinsapo zidayamba chomwechi. Kusiya mpata wa msewu lero kungotengera kukambirana pansi pa mtengo, koma pakatha zaka 20 kudzafuna kugwetsa nyumba za anthu.

N'chifukwa chake tikupempha Malawi Institute of Architects, khonsolo ya boma la Lilongwe, makoleji athu ndi amalonda akuluakulu kuti aganizire zokonza mpikisano wathuwathu, wolipira m'makwacha kapena waulere. Mutu wake ungakhale wapafupi: mashedi ndi zimbudzi za pamsika wa Mitundu, malo okwerera minibasi pa Nathenje, kapena mdadada wa lendi wa zipinda zinayi umene mlimi wamba angamange popanda kudula mtengo wootchera njerwa. Pa tebulo la oweruza pakhale katswiri, pakhalenso mayi wogulitsa pamsikapo, mmisiri ndi mfumu.

Pamene tikudikira zimenezo, mipikisano yakunja ilipo ndipo khomo lake ndi lotsegula. Ana athu alowe. Njinga za makala ndi malole a njerwa zipitiriza kudutsa pa mphambano ya Bunda m'mawa uliwonse, ndipo m'minibasi mupitiriza kukhala anyamata ndi atsikana opita kukafuna kachipinda ka lendi. Pakati pawo pakhaleko mmodzi wonyamula tepi yoyezera ndi kope, wopita kukafunsa anthu mmene akufunira kukhala.